Yankho kwa amene afunsa za ubale wa Malawi ndi Scotland

Achimwene mwafunsa kuti ubale wathu ndi Scotland unayamba bwanji komanso bwanji alibe embase ku Lilongwe. Poyamba za embasezo, Scotland ili pansi pa UK ndiye nkhani za ukazembe ndi ma visa zimayendetsedwa ku London, nchifukwa chake kuno timangoona British High Commission basi. Mukumbuke 2011 Bingu atathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet. Amene anabweza pothamangitsa kazembe wathu ndi boma la ku London lomwelo.

Koma ubale weniweniwo ndi wakale heavy. Livingstone anafika ku nyanja yathu mu 1859, mzinda wa Blantyre dzina lake ndi la kwawo komwe anabadwira, kenako anzake a mishoni anabwera ku Cape Maclear mu 1875 ndi Dr Robert Laws, ena nkukhazikitsa Blantyre Mission 1876, CCAP mizu yake ndi imeneyo. Pitani pa HHI ku Blantyre mukaone tchalitchi cha St Michael and All Angels, njerwa zoumba pamanja, anamaliza 1891 mpaka lero chilipobe. Mandala nayo inayamba ndi abale awiri a Moir, inali kampani ya ku Glasgow ku Scotland. Kamuzu yemwe udokotala anakawonjezera ku Edinburgh.

Mu 2005 Bingu ndi Jack McConnell, yemwe anali mtsogoleri wa boma la Scotland, anasainirana mgwirizano, ndipo phala la Mary's Meals, bungwe la ku Scotland, lomwe ana amadya m'masukulu linayambira kuno mu 2002. Chomwe chimandiwawa ine nchakuti pa malonda tidakali m'mbuyo kwambiri, thandizo limabwera inde koma tiyi, khofi ndi mpunga wa Kilombero bwenzi tikugulitsa ku Scotland mochuluka kuposa pano.