Kwa achemwali a m'shopu ya zaulimi pa Ntcheu: mafunso otopetsa a makasitomala

Achemwali, mwati mukugulitsa m'shopu ya zipangizo za ulimi pa boma la Ntcheu, pakona pali tebulo la Airtel Money ndi Mpamba, ndipo anthu akukufunsani zimodzimodzi kuyambira m'mawa mpaka mwayamba kuwayankha mokalipa. Mukufuna njira yoti mtima usamakwere. Njirayo ilipo, ndipo mbali yaikulu imakonzedwa musanatsegule n'komwe chitseko.

Ambiri mwa ofunsawo akuopa kuberedwa. Mlimi wa ku Tsangano wagulitsa kachewere wake, ndalama wamanga pansalu, ndipo akudziwa kuti akagula mbewu yolakwika chaka chonse chapita. Akafunsa katatu kuti "ndi yeniyeni imeneyi?" si mwano ayi, paja safunsa anadya phula. Munthu wotere pakamwa pokha sipamukhutitsa. Muonetseni chinthu choti aone ndi maso ake.

Tiyambe ndi mtengo. Khalani pansi ndi abwana anu, mulembe m'kope katundu wosanenerera, monga feteleza ndi mbewu, ndi katundu amene mungachotsereko, komanso malire ake. Akafunsa "womaliza ndi uti?" yankho likhale limodzi kwa aliyense: "Bambo, thumba limodzi ndi umenewu. Mukatenga kuyambira asanu, ndiwaimbira abwana." Mukamati "ndifunse kaye" pa chilichonse, kasitomala amadziwa kuti mtengowo ndi wofewa, ndiye sachoka pakauntala. Mitengo ilembedwe ndi maka pa katoni, zilembo zikuluzikulu, ndi tsiku limene mwalemba. Wina akati "dzana unali wotsika", musayambe kumuphunzitsa za chuma cha dziko. N'zoona kuti feteleza amachokera kunja ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo idalumpha, koma iye akungofuna chiganizo chimodzi: "Amene uja adatha, uyu tawoda pa mtengo watsopano." Munene zimenezi pokhapokha ngati zili zoona, chifukwa pa boma anthu amadziwana ndipo bodza silichedwa kuululika.

Sikelo iyang'ane kwa kasitomala. Muonetseni kuti ili pa ziro musanaikepo kanthu, ndipo ikhale yoyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards. Wokayikira thumba la makilogalamu 50 musatsutsane naye, ingolikwezani pa sikelo iye akuona, aonenso msoko wake kuti sunamasulidwepo. Matumba asanjidwe pa matabwa, motalikirako ndi khoma. Urea amakoka chinyezi, ndiye mukamuika pa simenti nthawi yadzinja amaundana n'kukhala zibuma, ndipo funso loti "si wa chaka chatha uyu?" mwaliitana nokha.

Funso lovuta kwambiri ndi loti "mbewu yabwino ndi iti?" Limeneli mumaliyankha ndi mafunso anu: munda uli kuti, ndipo mubzala liti? Wa ku Bwanje kotentha kuja, kapena amene wachedwa kubzala, amafunika mbewu ya chimanga yocha msanga ngati Kanyani. Wa kumtunda kumene mvula imakhalitsa, amene wabzala ndi mvula yoyamba, angathe kutenga yochedwa ngati Njobvu. Muwerengereni zolembedwa pa paketi, kenako asankhe yekha. Musalonjeze kuti akolola ngolo zakuti, chifukwa mvula ikadula adzabwera kwa inu.

Pa mankhwala ndi pamene mikangano yambiri imabadwira, ndipo pafupifupi yonse imapeweka ndi mawu ochepa pogulitsa. Mancozeb, amene ambiri amangoti Dithane, amateteza tomato ndi kachewere ku chiwawu, koma masamba opserera kale sawadzutsa. Mlimi akagula munda utapsa kale, adzabwera n'kunena kuti mwamugulitsa ufa wachabe. Muuzeni asanalipire. Glyphosate amapha chomera chilichonse chobiriwira, chimanga chomwe, ndipo udzu suuma tsiku lomwelo, pamapita sabata kapena kuposerapo. Akasungunulira madzi amatope mphamvu imachepa, mvula ikagwa atangopopera amatsukika. Akafunsa kuti "ndithire zingati?" funsani kaye kukula kwa sipuleya yake, chifukwa ina ndi ya malita 16, ina ya malita 20. Werengani mlingo pa botolo limodzi naye, mumulembere pa kapepala. Zimene simukuzidziwa musalote, nenani kuti "izi afunseni alangizi a kwanu". Palibe kasitomala wanzeru amene amanyoza yankho limeneli.

Tsopano ku tebulo la ndalama. Tchati cha mitengo yotapira chikhale pakhoma pamalo ooneka, kuti wofunsa "adula zingati?" muzingomulozera chala. Poika ndalama, kasitomala alembe yekha nambala m'buku, inu muwerenge mokweza dzina limene latuluka pa foni, iye avomere, ndiye mutsindikize. Masekondi ochepa amenewa amachotsa mlandu wa "mwatumiza kolakwika". Potapa, musapereke ndalama chifukwa cha uthenga umene akukuonetsani pa foni yake. Dikirani ufike pa foni yanu, ndipo mukakayika onani balansi, chifukwa akamberembere amalemba okha mauthenga ofanana ndi enieni. Wina akati "sinalowe", onani m'buku nambala ya transaction ndi nthawi yake, mumuthandize kuimbira kampaniyo pomwepo. Agogo akakupatsani foni n'kuyamba kutchula nambala yachinsinsi, aletseni mwaulemu: "Agogo, imeneyo musandiuze, dinani nokha, ine ndiyang'ana kumbali." Tsiku lina ndalama zikadzasowa kunyumba, woyamba kuganiziridwa ndi amene adamva nambalayo. Fuloti, ndalama zogwirira ntchito pa tebuloli, ikatha nenani munthu asanaime pa mzere.

Za kubweza katundu mugwirizanenso ndi abwana. Chikwangwani choti katundu akagulidwa sabwezedwa chisakupusitseni, a bungwe loona za chilungamo pa malonda la Competition and Fair Trading Commission akhala akuchenjeza kuti wogulitsa sangadzichotsere udindo pa katundu wowonongeka. Sipuleya yodontha kuyambira tsiku loyamba iyenera kusinthidwa. N'chifukwa chake ndi bwino kuiyesa ndi madzi kasitomala akuona, ndi kupereka lisiti pa chilichonse, ngakhale iye akuti n'zosafunika. Paketi ya mbewu yotsegula kale chifukwa choti munthu wasintha maganizo ndi nkhani ina, ndipo amve zimenezo pogula.

Wopempha ngongole, makamaka wachibale kapena wa kumpingo, amavuta kukana. Muuzeni zoona zake: "Achimwene, katunduyu si wanga, madzulo amawerengedwa, chosowa chimagwera ine." Mukangololera mmodzi, mawa lake abwera atatu.

Wobwera atakwiya kale musamudule mawu. Amalize, kenako mubwereze nkhani yake mwachidule: "Ndiye mukuti munagula Lachiwiri, mwapopera, udzu sunafe?" Akamva kuti mwamvetsa, mawu amatsika okha. Mutengereni pambali kuti asakhale ndi anthu omuonerera, chifukwa pagulu munthu safuna kuoneka wogonja. Amene ali pa mzere ayang'aneni kumaso: "Ndakuonani mayi, ndimalize kaye ndi bambowa." Ndipo idyani kanthu m'mawa, makamaka kumapeto kwa mwezi ndi miyezi ya Novembala ndi Disembala pamene shopu imadzaza, chifukwa njala imafupikitsa mtima kuposa kasitomala aliyense.

Pali ena amene mafunso awo si a malonda: opempha nambala yanu, oledzera, otukwana. Amenewa simukakamizidwa kuwasekerera. Nenani kamodzi kuti "bambo, ngati pali chogula ndikuthandizeni", akapitiriza itanani abwana kapena mlonda, ndipo abwana adziwiretu kuti mudzatero.

Sabata ino ikani kapepala pansi pa kauntala, funso lililonse likabwera muzichonga. Pofika Loweruka muona atatu kapena anayi amene akubwerezedwa kwambiri. Mayankho ake alembeni pa katoni m'Chichewa, muwapachike pamene munthu amayang'ana akangolowa, ndipo amene satha kuwerenga muziwawerengera.