Mafunso a Apaulendo: Anzathu a M'njira ndi Makomo Otilandira

Funso: Zikomo alangizi. Ine ndi akunyumba kwanga tikukonza ulendo wa miyezi ingapo pagalimoto, wodutsa mayiko angapo. Tamva kuti apaulendo akakumana m'njira amayamba kuyenda mondondozana. Kodi n'kwanzeru kudziphatika kwa anthu amene tangowadziwa kumene?

Yankho: N'kwanzeru ndithu pa zigawo zovuta, monga m'chipululu, m'misewu yamatope, kapena kumene malo omwetsera mafuta ali motalikirana. Galimoto ikatitimira mumchenga imafuna inzake yoikoka. Koma musalonjezane ulendo wonse. Panganani chigawo chimodzi chokha, kuchoka tawuni yakuti kukafika yakuti, ndipo mukafika aliyense akhale womasuka kulowera kwake.

Chimene chimadanitsa anthu oyenda limodzi ndi nthawi ndi liwiro. Musanalize injini, mvanani ola lonyamukira m'mawa, makilomita oyenda pa tsiku, ndiponso ngati mudzayenda usiku. Ife timalangiza kuti dzuwa likamapendeka mukhale mutapeza kale pogona. Galimoto yochedwetsa ndiyo itsogole. Aliyense asamale mnzake wa m'mbuyo: mukafika pamphambano, musakhote mpaka mutamuona pagalasi. Akatero onse, palibe amene amasochera. Pamsewu wafumbi talikiranani mpaka fumbi la wapatsogolo lithe, chifukwa limabisa maenje komanso limatseka fyuluta ya mpweya. Magalimoto awiri kapena atatu ndi okwanira. Akachuluka, pamalire mumatha tsiku lathunthu kudikira mmodzi amene mapepala ake asokonekera.

Kwina ubwenzi wotere umapulumutsa thumba. Msewu wa Pan-American, wodutsa mayiko a ku America kuchoka kumpoto kupita kumwera, umaduka pakati pa Panama ndi Colombia, pa nkhalango ya Darién, mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Pamenepo galimoto imakwera sitima yapamadzi, nthawi zambiri kuchoka padoko la Colón ku Panama kupita padoko la Cartagena ku Colombia, ndipo apaulendo amafunafuna mnzawo woti agawane naye kontena ya mafiti 40, imene imalowa magalimoto awiri. Pa zotere lemberanani pa pepala kuti wina alipira chiyani.

Musanyozenso amene akuchokera kumene inu mukupita. Iwo ndiwo adziwa mlatho umene wakokoloka ndi chipata cha malire chimene chatsekedwa. Afunseni tsiku limene anadutsapo. Uthenga wa mwezi watha, ngakhale wa pa iOverlander, pulogalamu ya pafoni imene apaulendo amauzirana za m'njira, ukhoza kukhala utaguga kale.

Funso: Bambo wina amene tangokumana naye akatiitana kukagona kwawo, tivomere bwanji? Nanga timulipire?

Yankho: Ambiri oitana alendo amaitana ndi mtima woyera, ndipo kukana aliyense n'kudzimana mbali yokoma ya ulendo. Yambani mwaona ngati kuitanako n'koona. Ku Iran, mwachitsanzo, ulemu umafuna kuti munthu akupatseni chinthu ngakhale sakufunitsitsa, inunso muyambe mwakana kangapo. Akalimbikira, ndiye kuti akunenetsa.

Mukavomera, fikani kukadali kowala kuti muone njira yolowera ndi yotulukira. Imikani galimoto moyang'ana kunja, pamalo poti ina siingaitsekere. Tumizani uthenga kwa m'bale wanu womuuza pamene muli. Pasipoti, makiyi ndi mapepala a galimoto zigone nanu. Kutero si kukayikira mwininyumba ayi; pakhomo pamadutsa anthu ambiri amene iyenso sangawayankhire. Mtima ukakana, tsanzikani mwaulemu kusanade, osadikira chifukwa chomveka.

Pali nkhani ya lamulo imene ambiri saiganizira. Ku China mlendo wakunja wogona m'nyumba ya munthu, osati m'hotela, ayenera kulembetsedwa kupolisi pasanathe maola 24. Ku Russia udindo wokalembetsa mlendo wakunja uli pa womulandirayo. Mukapanda kufufuza izi, mukhoza kusiya wokuchitirani chifundo ali pa mlandu inu mutapita.

Za ndalama: musatulutse chikwama pamaso pa banja lonse, chifukwa ena amamva ngati mwawasandutsa ochita malonda. Onani chimene chikutha pakhomopo chifukwa cha inu, mukachigule n'kuchisiya mwakachetechete. Akakuperekezani pa galimoto yawo, thirani mafuta. Mowa musapereke ngati mphatso musanadziwe chikhulupiriro chawo, ndipo chithunzi musajambule musanapemphe, makamaka cha amayi ndi ana. Musalonjeze ntchito, visa kapena kalata yowaitanira kwanu ngati simudzakwanitsa. Mlendo ndi mame: usiku umodzi kapena uwiri wakwana, pakuti wosauka sanena kuti chakudya chamuthera.

Chakudya landirani chotentha, chongophikidwa kumene. Madzi okayikitsa awire mobwata mphindi imodzi, kapena zitatu ngati muli pamtunda woposa mamita 2,000, kumene madzi amawira asanatenthe mokwanira. Chenjezo lalikulu ndi ili: kumadera ozizira akakupatsani mbaula ya makala, musagone nayo m'chipinda chotseka, m'tenti kapena m'galimoto. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene suoneka ndipo sununkha. Umayamba ndi litsipa ndi chizungulire, ndipo wogona sadzukanso. Otherani, kenako itulutseni.

Funso: Mnzathu wa m'njira watipempha kuti timudutsitsire phukusi pamalire, akalitenga tsidya linalo. Akuoneka munthu wabwino.

Yankho: Kanani, ngakhale aoneke wabwino chotani. Pamaso pa akuluakulu oona za katundu pamalire, chilichonse chopezeka m'galimoto ndi cha woyendetsa, ndipo mawu akuti "anangondipatsira" sapulumutsa munthu. Amene mwamukweza atsike musanafike pachipata, adutse wapansi ndi katundu wake, mukakumane kutsogolo. Mankhwala akuchipatala nawonso amaika munthu pa mlandu: codeine ndi tramadol, mankhwala opha ululu amene kwina amapezeka mosavuta, m'mayiko ena monga Egypt ndi United Arab Emirates amatha kumangitsa munthu amene alibe kalata ya dokotala.

Funso: Tikapeza wapaulendo mnzathu galimoto yamufera, tingamuthandize bwanji osawononga yathu?

Yankho: Ngati ndi batire, yambani mwafunsa mphamvu yake. Magalimoto ang'onoang'ono ndi a 12V, pamene malole ambiri ndi a 24V. Mukalumikiza zosiyana, mupsereza zamagetsi za galimoto yaing'onoyo. Magalimoto asagundane. Waya wofiira ayambe pa + ya batire yakufa, mbali inayo pa + ya yanu. Wakuda ayambe pa − ya yanu, ndipo mbali yotsiriza imangidwe pa chitsulo chosapakidwa penti cha injini ya galimoto yakufayo, kutali ndi batire. Chifukwa chake n'chakuti batire imatulutsa mpweya wa hydrogen umene suchedwa kuyaka, ndipo kulumikiza kotsiriza kumathetheka. Lizani injini yanu kwa mphindi zingapo, iye ayese. Pochotsa mawaya, yambani ndi amene munamaliza naye.

Kukoka galimoto yotitimira ndiko kumavulaza anthu kwambiri. Musakoleke chingwe pa kampira kachitsulo kokokera ngolo. Kanapangidwira kukoka pang'onopang'ono, ndipo chingwe chikakungika mwadzidzidzi kamathyoka n'kuuluka kulowa pagalasi. Mangani pa malo okokera olimba a pa chassis, chitsulo chachikulu chapansi chimene chimanyamula galimoto yonse. Musanakoke, kumbani mchenga kutsogolo kwa matayala, muphwetse matayalawo pang'ono kuti aponde malo aakulu, ndipo muwapopenso mukangotuluka. Yalani bulangete kapena jekete lolemera pakati pa chingwe kuti chikaduka chigwe pansi. Oonerera onse aime patali kuposa kutalika kwa chingwecho, ndipo wolamula akhale mmodzi.

Pogawana mafuta, nunkhizani chigubu ndipo funsani kawiri ngati ndi petulo kapena dizilo. Mukathira olakwika, musatembenuze kiyi n'komwe, chifukwa pampu imayamba kuwakankhira ku injini. Akhuthulidwe kaye m'thanki. Mnzanuyo mupatseni mafuta okhawo omufikitsa pa malo omwetsera apafupi, inu mutsale ndi okufikitsani pa achiwiri, poti oyambawo mukhoza kuwapeza atauma.