Funsani Makaniko: Marimu a 17 pa Sienta ya ku Lizulu

FUNSO

Zikomo a makaniko. Ndili ndi Toyota Sienta ya 2008 yomwe ndimanyamulira anthu pakati pa Ntcheu boma ndi Lizulu, ndipo masiku ena amandichita hayala kukatenga matumba a kachewere ku Tsangano. Pali munthu akugulitsa marimu a mag okongola kwambiri, ali kale ndi matayala. Kumbuyo kwake kwalembedwa 17x7J ET42, matayala ake ndi 215/45R17. Amene ali pa galimoto panopa ndi achitsulo, 14x5.5J, palinso nambala 33, matayala ndi 175/70R14. Onse ndi a mabowo anayi. Wogulitsayo akuti akamakhula tidzangoika sipesa, kachitsulo kafulati koika kuseri kwa rimu kuti ituluke kunja. Kodi ndigule?

Dalaivala wa ku Lizulu

YANKHO

Achimwene, ndalama zanuzo zisungeni. Mwachita bwino kutembenuza rimu n'kuwerenga manambala a kumbuyo, chifukwa ambiri amangowerenga mabowo, akapeza anayi n'kulipira basi. Ndi manambala mwanditumizirawa ndingathe kukuuzani ndili konkuno ku Dedza kuti marimu amenewo si a galimoto yanu, makamaka pa ntchito imene imagwira.

Za mabowozo ndinene mwachidule. Sienta yanu ndi ya mtundu woyamba, womwe unapangidwa kuyambira 2003 mpaka 2015, ndipo ndi ya 4x100. Mukayeza kuchokera pakati pa bowo limodzi kufika pakati pa bowo loyang'anana nalo muyenera kupeza mamilimita 100. Alipo marimu ena a mabowo anayi omwe ndi 4x108, monga a Peugeot ndi Ford zina, komanso 4x114.3. Amenewo salowa, ndipo aliyense wofuna kukuza mabowo ndi fayilo kuti alowe mumukanize. Sienta yatsopano yoyambira 2015 ili ndi mabawuti asanu, choncho marimu ake musawaganizire n'komwe.

Vuto lenileni lili pa ET. Nambala imeneyi, imene ena amati offset, ndi mtunda wa m'mamilimita kuchokera pakatikati pa mulifupi mwa rimu kufika pamalo afulati amene amagunda habu, chitsulo chija chokhala ndi mabawuti chomwe mumamangirapo gudumu. Nambalayo ikakula, gudumu limalowa mkati, kufupi ndi shoko. Ikachepa, limatuluka kunja, kufupi ndi mlomo wa madigadi. Koma ET simaiwerenga yokha, imayendera limodzi ndi mulifupi. Rimu yanu ndi ya mainchi 5.5, ya wogulitsayo ndi ya mainchi 7. Kusiyana kwake ndi inchi imodzi ndi theka, omwe ndi mamilimita 38, ndipo amagawika pawiri: 19 mkati, 19 kunja. Kenako ET yachoka pa 33 kufika pa 42, kutanthauza kuti rimu yonse yasunthira mkati ndi mamilimita 9. Mkati ndiye kuti rimu yayandikira shoko ndi 19 kuphatikiza 9, omwe ndi 28, pamene kunja yatuluka ndi 10 okha.

Tsopano kapisitseni dzanja kuseri kwa tayala lakutsogolo, pakati pa tayala ndi shoko. Mpata umenewo ndi wochepa, zala zimangolowa movutikira. Muchotsepo mamilimita 28, muone chotsala.

Tayalanso ndi lalitali. Pa 175/70R14, 175 ndi mulifupi mwa tayala, 70 akutanthauza kuti khoma la m'mbali ndi 70 peresenti ya mulifupimo, pafupifupi mamilimita 122. Gudumu lonse kutalika kwake ndi mamilimita 601. La 215/45R17 limafika 625. Ndi 4 peresenti imeneyo, pamene ife timayesetsa kusapitirira 3. Sipidomita ikamaonetsa 80, inu mukuthamanga 83. Galimoto imalemedwa ponyamuka ndi pokwera mtunda, mafuta n'kumapita ambiri. Ndipo mukakweza anthu mpaka mpando wakumbuyo, kapena matumba a mbatata, kumbuyo kumatsika, tayala lalitali ndi lotambalala lija n'kuyamba kudyedwa ndi madigadi pa bampu iliyonse.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi khoma la m'mbali. Pa misewu yathu, khoma limenelo ndi limene limalandira nkhonya shoko isanamve kanthu. Panopa muli ndi mamilimita 122 a labala ndi mpweya pakati pa rimu ndi mwala. Pa 215/45R17 atsala 97. Mukati musankhe tayala la 17 lofanana msinkhu ndi lakale, monga 205/40R17, atsala 82 okha. Msewu wa ku Tsangano mukuudziwa kuposa ine, ndiponso pa M1 pomwe, dzenje limodzi lobisika m'madzi nthawi ya dzinja ndi lokwanira kutsina tayala lotere mpaka kutuluka chotupa m'mbali. Rimu yachitsulo ikapindika mlomo timaiwongola ndi hamala, mumapitiriza ulendo. Ya mag imakonda kung'aluka, ndipo yowotcherera ine sindingaiike pa galimoto yonyamula ana a anthu. Mudzafunsenso mtengo wa tayala la 17, ndi kumene mungalipeze likaphulika muli ku Tsangano madzulo. La 14 mumalipeza pafupifupi pa tauni iliyonse ya m'mbali mwa M1.

Pa tayala palinso nambala ina, yotsatira saizi, monga 84S. 84 ameneyo akutanthauza kuti tayala limodzi limanyamula makilogalamu 500. Likakhala 80 ndi makilogalamu 450, 88 ndi 560. Matayala ena opyapyala a 17 ali pa 80. Kwa inu onyamula katundu, nambala imeneyi isatsike kuchoka pa ya matayala amene galimoto inabwera nawo.

Nanga sipesa? Ya mamilimita 10 ingasandutse ET42 kukhala ngati ET32. Mkati mupezako mpata pang'ono, koma kunja rimu ituluka ndi 20, ndiye vuto mwangolisamutsira ku madigadi. Choopsa ndi chakuti sipesa imadya utali wa bawuti. Mabawuti a Toyota yanu ndi M12x1.5, kutanthauza kuti ndi onenepa mamilimita 12 ndipo nati ikazungulira kamodzi imalowa mamilimita 1.5. Nati iyenera kugwira mazinga a mamilimita osachepera 12, ndiye kuti izungulire kasanu ndi katatu isanalimbe. Ikalimba itangozungulira kanayi, gudumu limenelo likudikira tsiku loti lichoke. Ine sipesa zoterezi sindiika pa galimoto ya matola, ngakhale mwini wake atandiumiriza.

Ngati mtima uli pa mag, sindikuletsani, galimoto yooneka bwino imakopa okwera. Funani 15x6J ya 4x100, ET yake ikhale pafupi ndi 35, muikepo 185/60R15. Gudumu lonse likhala mamilimita 603, khoma 111, mkati liyandikira ndi 8, kunja lituluka ndi 4. Kapena mungopeza mag ya 14 yomweyo n'kusunga matayala anu. Muyang'ane chidindo cha JWL kapena VIA, chosonyeza kuti rimu inapangidwa motsatira muyezo wa ku Japan. Musanalipire, mangani imodzi kutsogolo, tsitsani jeke, pindani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, muonenso ngati sikugunda kalipa ya buleki. Ina muimange kumbuyo, mukweze anthu, muyende pang'ono pamalo a mabampu mukumvetsera.

FUNSO

A makaniko, ndine mphunzitsi ku Bembeke. Mwana wanga anandigulira marimu a mag a 14 pa Vitz yanga. Chiwaikireni, ndikafika pa 80 mumsewu wa ku Lilongwe chiwongolero chimanjenjemera. Anachita kale balansi koma sizinasinthe. Chalakwika n'chiyani?

Mayi wa ku Bembeke

YANKHO

Mayi, poti balansi inachitika, ndikukayikira bowo lalikulu la pakati pa rimu. Pa Vitz, mlomo wa habu umene rimu imakhalapo ndi wa mamilimita 54.1. Marimu ambiri ogula padera amabwera ndi bowo lalikulu, 67.1 kapena 73.1, kuti azilowa pa magalimoto osiyanasiyana. Mpata wotsalawo umachititsa kuti rimu isakhale pakatikati penipeni pomanga, ndipo kuphonya kwa milimita imodzi kumamveka m'manja liwiro likakwera. Mankhwala ake ndi timaring'i ta pulasitiki kapena aluminiyamu totseka mpatawo, mwachitsanzo ta 73.1 kunja ndi 54.1 mkati. Ogulitsa marimu ndi matayala m'mizinda amakhala nato. Muyezetse kaye bowolo kuti mugule toyenera.

Makaniko wanu aonenso manati. Marimu a mag ochokera ku Toyota kwenikweni amagwiritsa manati a pansi pafulati okhala ndi washa, pamene ambiri ogula padera amafuna manati osongoka. Mukasokoneza, nati imagwira ndi kachigawo kochepa chabe, n'kumamasuka pang'onopang'ono. Ichi musachedwe nacho, chionedwe musanayende ulendo wina wautali. Pomanga, manati ayambe kumangidwa ndi dzanja gudumu lili m'mwamba, modumphadumpha, kenako alimbitsidwe pa 103 Nm (muyezo wa mphamvu yomangira) ndi sipanala yoyezera, osati kupondera ndi phazi. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100, awaonenso.

Zonsezi zikakhala bwino koma kunjenjemera kukadalipo, apempheni azungulitse gudumu lililonse pa makina a balansi inu mukuyang'ana mlomo wa rimu. Ngati marimuwo ndi a kaunjika, mwina imodzi inabwera yopindika kale. Ikapezeka, isabwererenso pa galimoto, mubwezeretsepo kaye marimu anu akale aja mpaka mutapeza ina yofanana nayo saizi ndi ET.