Petulo kapena dizilo? Vuto lanu lili pa adiresi

Funso: Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Birmingham. Ndikufuna kugula Ford Fiesta pangongole ya £6,000. Ndi iti imene akuba saikonda, yapetulo kapena yadizilo, kuti inshuwalansi itsike? Alamu anga akuti ndilembetse adiresi yawo ya ku Shropshire, mtengo utsika ndi £400 pachaka.

Yankho: Achemwali, wakuba sayamba watsegula thanki kuti anunkhize mafuta. Akufuna nyale, mabampa ndi zitseko. Fiesta yakhala ikutsogola pa mndandanda wa galimoto zobedwa ku Britain chifukwa ndi zambiri pamsewu, ndipo Ford inasiya kuipanga mu 2023 pomwe osaka masipeyala sakuchepa.

Makampani a inshuwalansi amayamba ndi gulu limene galimotoyo yaikidwamo, kuchokera pa 1 mpaka 50. A Thatcham Research, bungwe loyesa galimoto ku Britain, amayesa maloko ndi zotetezera zina, amaonanso mtengo wokonzetsera ndi mphamvu ya injini. Pambali pa nambalayo pamakhala chilembo: E ndiye kuti chitetezo chaposa muyezo, D ndiye kuti chaperewera. Yadizilo ikakwera gulu, kawirikawiri ndi chifukwa cha mtengo wake ndi wa zipangizo zake, akuba sizikuwakhudza. Chimene ndingaope ine ndi kiyi yongoyandikira chitseko n'kutseguka, poti mbava zimakoka siginolo yake muli mtulo. Gulani kachikwama kotchinga siginolo ndi chitsulo chokhomera chiwongolero.

Tsopano za alamu anuwo. Funso lalikulu la kampani ndi loti galimoto imagona kuti usiku, ndipo dera la West Midlands, komwe kuli Birmingham, limadziwika ndi kuba galimoto. N'chifukwa chake Birmingham ndi yodula. Mukalemba Shropshire dala, lamulo la 2012 lokhudza zimene ogula inshuwalansi amaulula limalola kampani kuthetsa pangano, kukana kulipira, n'kusunganso zonse munaperekazo. Ndipo kuzindikira sikuvuta: lipoti la polisi lidzanena khomo limene galimoto yabedwera.

Tiwerenge mwachidule. Mwapulumutsa £400, mwina £800 pazaka ziwiri. Galimoto yapita, inshuwalansi yakana, koma wokongoza uja akufunabe zake mwezi ndi mwezi, zikhale £4,000 zotsala ndi chiwongoladzanja pamwamba. Mukulipira galimoto kwinaku mukudikira basi pachisanu. Mukadzafuna inshuwalansi ina adzakufunsani ngati inayamba yathetsedwapo, yankho lake lidzakudyerani ndalama kwa zaka.

Makalata onga anu ndawerenga ambiri, ndipo mlangizi nthawi zonse amakhala wachibale amene sanasaine kalikonse. Tsiku la tsoka alamuwo adzangoti pepani, n'kukumbutsani za ndalama ya sukulu ya mwana wawo kumudzi. Athokozeni mwaulemu, mulembe adiresi yanu.

Chinanso: ngati mumayenda khomo ndi khomo kwa okalamba anuwo, uzani kampani kuti galimotoyo ndi yantchito, mufunse business use. Inshuwalansi yongopita ndi kubwera kumalo amodzi antchito siikwanira maulendo amenewo.