Vuto si akazi anu, achimwene, ndi pakamwa panu

Kalata yanu ndaiwerenga katatu. Mwati munagula boti la injini limodzi ndi ngolo yake, mwayesa maulendo atatu kuphunzitsa mayi a kunyumba kubweza ngoloyo mpaka m'madzi ku Senga Bay, ndipo maulendo onsewo mwabwerera ku Lilongwe osalankhulana. Kenaka mwafunsa kuti kodi pali anthu ena amene mutu wawo sungagwire zimenezi. Funso lomalizali ndi limene landiyabwa, chifukwa mawu amenewo ananenedwapo pa ine, pamaso pa gulu.

Ndinali mnyamata, laisensi yanga isanathe ngakhale chaka. Malume anga ndiwo ankayang'anira maboti pamalo ena ogona alendo kunyanja, ndipo anandipezera ganyu woyendetsa galimoto yokokera boti. Tsiku loyamba sanandifotokozere chilichonse. Anangondiponyera makiyi, n'kunena kuti, "Mphwanga, bweza tilowetse boti, alendo akudikira." Unali m'mawa, nthawi imene asodzi akutsitsa usipa ndipo amayi aima ndi mabeseni kudikira kugula. Ana anali mbwee pamchenga. Munthu wakunyanja saphonya zinthu zaulere zoti aonere, ndiye onse anatembenuka.

Ndinaika giya yobwerera m'mbuyo, n'kukhotetsa chiwongolero monga mmene ndinkachitira ndikamabweza galimoto yopanda kanthu. Ngolo inapita kwina. Malume anayamba: "Pinda! Pindanso! Osati uko, iwe! Kumanja!" Kumanja kwa yani? Iwo anali ataima moyang'anizana nane, dzanja lawo lamanja linali kumanzere kwanga. Msodzi wina naye analowerera ndi malangizo ake, mnyamata wina wogulitsa ziboliboli akumenya bodi ya galimoto ndi chikhatho. Ine thukuta kamukamu, phazi likunjenjemera pa kilachi. Kenaka ndinangomva phwa! Ngolo inali itapindikira m'mbali mwa galimoto ngati mpeni wopinda, chitsulo chake chitaswa nyali ya kumbuyo. Ana anakuwa ndi chisangalalo. Malume ananditulutsa, n'kukhala pampando, n'kulowetsa botilo kamodzi n'kamodzi ndi dzanja limodzi, chigongono chili pawindo. Potuluka anauza anthu aja kuti, "Uyu mutu wake ndi wa kusukulu, za manja sangazithe."

Kwa miyezi inayi ndinkathawa ngolo ija. Ikakwana nthawi yolowetsa boti ndinkapezeka ndili ndi ntchito ina, mwina kukatunga petulo, mwina kutsuka majekete oyandamitsa. Malume anali munthu wabwino, fizi yanga ya sekondale analipira ndi iwo, koma kuphunzitsa sankadziwa. Anthu ambiri odziwa kubweza ngolo ndi otero. Luso lili m'manja mwawo, ukawafunsa kuti dzanja limapita kuti ngolo ikalowera kumanzere amayamba akhala kaye chete, n'kugwira chiwongolero cha m'malere kuti akumbukire. Tsono poti mawu alibe, amakweza mawu.

Amene anandiphunzitsa anali mlonda wa usiku pamalo omwewo, mkulu wina amene anagwirapo ntchito zaka zambiri yoyendetsa thirakitala yokoka nzimbe ku Dwangwa. Lamlungu lina masana anandiitana. Sanatenge makiyi. Anatenga wilibala. Anati, "Mwana wanga, kankha iyi ifike pa mtengo wa mango uwo, koma ukhotere kumanja." Ndinakankha. Anandifunsa kuti manja anga apita mbali iti pamene wilibala imakhotera kumanja. Ndinayesanso ndikuyang'ana manja: anapita kumanzere. "Basitu," iwo anatero. "Kumbuyo kwa galimoto ndiwo manja ako. Ngolo ndi wilibala. Sukuikoka, ukuikankha." Nkhani yonse yagona pamenepo. Ngolo imazungulira pa kampira kachitsulo kaja kamene imakolekedwapo, ndiye kumbuyo kwa galimoto kukasunthira kumanzere, kumakankhira mutu wa ngolo kumanzere, mchira wake n'kuloza kumanja.

Kenaka tinapita pabwalo la mpira la pasukulu ya pulaimale, popanda munthu kupatula mbuzi. Anaika zidebe ziwiri ndi njerwa, n'kukakhala pansi pa mtengo. Kwa ola lathunthu analankhula mawu osakwana khumi. Ndikalakwitsa ankangokweza dzanja, ine n'kuima, iwo n'kuloza kutsogolo kuti ndiwongole ndiyambirenso. Ndinagunda chidebe kasanu. Sanaseke, sanadzuke.

Musaganize kuti ndikudziyeretsa. Zaka zapitazo mwana wanga wamkazi atatenga laisensi, anandipempha kuti ndimuphunzitse. Ine amene ndinalira ndi malume, mukudziwa chimene ndinachita? Ndinamutengera padoko Loweruka, anthu ali yakaliyakali, galimoto ina ikudikira kumbuyo kwathu. Mphindi zitatu zisanathe ndinamva mawu a malume akutuluka pakamwa panga, mpaka kaimidwe komwe, manja m'chiuno. Mwana anazimitsa galimoto, anatuluka, anandipatsa makiyi mwaulemu ndi manja awiri, n'kukakhala pamwala kuyang'ana nyanja. Ulemu umenewo unandipweteka kuposa akanandinyoza. Patapita sabata ziwiri ndinamupepesa, tinakayambira pa wilibala, ndipo lero amabweza bwino kundiposa chifukwa iye sathamanga.

Ndiye ndikuuzeni mosapita m'mbali: padoko si pophunzirira. Ndinganene kuti wophunzitsa munthu padoko sakufuna kuti munthuyo adziwe, akufuna anthu aone kuti wodziwa ndi iyeyo. Mwina ndakulitsa, koma taganizani za ulendo wanu. Mwachoka ku Lilongwe m'mamawa, mwayenda makilomita oposa 100 pamsewu wa M14 kudutsa pa Salima mukukoka katundu wolemera, mwatopa, dzuwa lakwera, ana akufunsa kuti tikwera nthawi yanji. Pamenepo ndi pamene mukupereka chiwongolero kwa munthu amene sanayesepo n'kamodzi komwe, pamalo otsetsereka, kumapeto kwake kuli madzi, anthu makumi atatu akuonerera. Inu munaphunzirira pamalo otero? Ngati munatero, mwangoiwala mmene zinkawawira.

Komanso kunyanja kwathu kuno malo a simenti olowetsera boti ndi owerengeka. Malo ambiri ndi mchenga basi, ndipo mchenga uli ndi makhalidwe ake. Matayala a ngolo akamira pang'ono, ngolo imakana kumvera, umaponda mafuta, kenaka imamasuka mwadzidzidzi n'kupindika. Galimoto ikakhala ya 4x4, ikani giya yamphamvu ija ya low range kuti iziyenda yokha pang'onopang'ono popanda kupsereza kilachi. Pomwe pali simenti napo pali msampha wake: ndere. Mbali imene imakhala m'madzi imaterera ngati therere. Ndinaonapo galimoto matayala onse atamangidwa mabuleki koma ikutsetserekabe kulowera m'madzi, mwini wake maso ali tong'o. Ndipo gombe silikhala pamodzimodzi. Nyanja imakwera mvula ikagwa, kufika pachimake cha m'ma Epulo ndi Meyi, n'kumatsika mpaka mvula ina. Mu 2024 inakwera kwambiri mpaka madzi analowa m'malo ambiri ogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima. Pamene munalowetsera boti chaka chatha, chaka chino pakhoza kukhala dzenje kapena mwala. Tsikani muyende ndi miyendo kaye, mulowe mpaka m'mawondo. Nyengo ya mwera, cha m'ma Juni mpaka Ogasiti, mafunde amakankha boti cham'mbali likangoyandama, ndiye si masiku oyesera munthu watsopano.

Ndisaiwale za pulagi, kachitseko kaja kotulutsira madzi kumbuyo kwa boti. Aliyense wa maboti ali ndi nkhani yake ya pulagi, ndipo amene akuti alibe akunama. Yanga inachitika tsiku limene ndinabweza ngolo mokongola kwambiri, mzere umodzi osawongola, mpaka ndinayang'ana uku ndi uku kuti ndione ngati alipo waona. Boti linayandama, ndinakaimika galimoto, ndikubwerera ndinapeza thanki ya petulo ikuyandama m'kati mwa boti ngati bakha. Pulagi inali m'thumba la kabudula wanga. Kuyambira tsiku limenelo ndimaimangirira ku makiyi a boti.

Zoti mukachite Lamlungu likubwerali

Pezani bwalo lopanda anthu. Tengani zidebe zinayi, muike ziwiriziwiri ngati kanjira kotakasuka, kotakasuka ndithu, mudzachepetsa pambuyo pake. Boti likhale pangolo, chifukwa ngolo yopanda kanthu ndi yotsika ndipo sioneka bwino pagalasi. Yambani ndi wilibala ngati muli nayo. Kenaka mayi akhale pampando, akonze magalasi a m'mbali kuti aziona matayala a ngolo mbali zonse ziwiri, aike dzanja limodzi pansi penipeni pa chiwongolero. Kumene akufuna kuti mchira wa ngolo upite, dzanja lipite komweko. Akufuna kumanja, dzanja kumanja. Lamulo ndi lomwelo, musawonjezere lina tsiku loyamba.

Ayambe ndi kubwerera molunjika, osakhota. Ngolo ikayamba kudzaza galasi la kumanja, dzanja lisunthe pang'ono kumanzere, ikabwerera pakati dzanja libwererenso. Pang'ono ndikutanthauza pang'ono zedi, ndipo adikire, chifukwa ngolo imachedwa kuyankha. Ophunzira onse amalakwa pamenepa: akhotetsa, saona kusintha, akhotetsanso, kenaka zonse zimabwera nthawi imodzi. Liwiro likhale la munthu woyenda ndi ndodo. Ikapindika kwambiri, asalimbane nayo chobwerera. Aime, apite kutsogolo mamita angapo mpaka ngolo iwongoke, ayambirenso. Muwauze msanga kuti kupita kutsogolo si kulephera, madalaivala a mathiraki a ku Beira ndi ku Dar es Salaam amachita zomwezo tsiku lililonse. Akazolowera molunjika, ayambe kukhota, ndipo ayambire kukhotera kumanja, mbali ya dalaivala, kumene angathe kusuzumira pawindo n'kuiona ngolo ndi maso. Kumanzere kudikire sabata ina.

Kunena zoona, ngolo ya boti ndi yosavuta poyerekeza ndi tingolo tating'ono tonyamulira katundu. Kutalika kwake kuchokera pokolekera mpaka pa matayala ndiko kumaipangitsa kukhota mofatsa. Kangolo kakafupi kamapindika usanaphethire n'komwe. Ndinabwerekapo kena kuti ndinyamule matumba a chimanga kumudzi, ndipo kanandichititsa manyazi pamaso pa apongozi anga, ine wa zaka zonsezi pa maboti. Mapeto ake ndinakamasula n'kukakankha ndi manja.

Tsono inuyo, achimwene. Ntchito yanu ndi kuima pamene akukuonani pagalasi, osati kuseri kwa boti, ndipo musadzaime pakati pa galimoto ndi ngolo ngakhale zitavuta bwanji. Gwirizanani zizindikiro zitatu zokha musanayambe: dzanja m'mwamba ndiye kuti ima, kuloza mbali ndiye kumene mchira wa ngolo upite, kukodola ndiye bwera. Mawu oti kumanja ndi kumanzere muwasiye kunyumba. Akasiya kukuonani pagalasi, aime pomwepo. Mukaona kuti pakhosi payamba kukuyabwani, pitani mukakhale pansi pa mtengo ngati mkulu uja. Ndipo ngati mukudziwa mumtima kuti simungathe kukhala chete, pemphani mnzanu kapena mlamu wanu awaphunzitse, inu mukagule zakumwa. Pali zinthu zimene munthu amamva bwino kwa mlendo kusiyana ndi kwa mwamuna wake, makamaka pamene pali kale maulendo atatu a mkwiyo.

Tsiku lopita kunyanja, sankhani m'kati mwa sabata, m'mawa madzi ali bata. Zokonzekera zonse muchitire patali ndi polowetsera: pulagi, kumasula malamba a kumbuyo, kukweza injini, kuika katundu. Chingwe cha kutsogolo cha pa winchi, kachipangizo kokokera boti pangolo, chisamasulidwe mpaka boti litafika pamadzi. Nthawi yomweyo ikuthandizanso kuti mabering'i a matayala a ngolo azizire, chifukwa akalowa m'madzi ali otentha amayamwa madzi, girizi n'kuwonongeka, ndipo mudzazindikira muli pakati pa msewu tayala likufuka utsi. Mawindo akhale otsegula. Akaima, handibuleki ikokedwe mwamphamvu ndipo asachoke pampando mpaka boti litachoka pangolo. Yang'ananinso laisensi yawo ndi yanu yomwe: ya B imalola ngolo yosapitirira makilogalamu 750, yolemera kuposa pamenepo imafuna laisensi ina.

Chotsala n'chakuti mupepese kaye. Musayambe ndi zidebe, yambani ndi kuwauza kuti maulendo atatu aja munalakwitsa ndinu posankha malo ndi pokweza mawu. Akakana kuyesanso mwezi uno, asiyeni. Mwana wanga anandidikiritsa sabata ziwiri, ndipo tsiku limene anavomera anandiuza kuti ndikangotsegula pakamwa kamodzi akwera minibasi. Ndinatenga chimanga chootcha chiwiri n'kukakhala pansi pa mtengo, ndipo ndinadya chonse ndekha.