Chimwalirireni bambo, nyimbo zinauma m'mutu

Mnyamata wina wa ku Blantyre walemba kuti: "Aphungu, ndikuphunzira kupanga nyimbo pa situdiyo ya mkulu wina. Bambo anga anatisiya miyezi inayi yapitayo. Chibwerereni kumaliro, ndikatsegula FL Studio, pulogalamu yopangira nyimbo pa kompyuta, palibe chikutuluka. Ndimayika ng'oma, kufufuta, kuyikanso, mpaka kutseka kompyuta. Oimba awiri anandipatsa kale ndalama za mabiti, kutanthauza ng'oma ndi zoimbira zoti aziimbirapo. Amayi akuti ndisiye ndikaphunzire zokonza magalimoto. Kodi luso langa latha?"

Pepa kwambiri mphwanga. Luso silinathe ayi. Mutu wako uli pa ntchito ina yolemetsa, ndipo kupeka nyimbo kumafuna malo omwewo amene chisoni chadzazamo.

Ku Russia kunali wopeka nyimbo wotchedwa Sergei Rachmaninoff. Mu 1897, ali ndi zaka 23, symphony yake yoyamba (nyimbo yaitali yoimbidwa ndi gulu lalikulu la zida zoimbira) inaimbidwa ku St Petersburg ndipo zinayenda moipa, olemba nkhani n'kuinyoza koopsa. Anakhala pafupifupi zaka zitatu osapeka chinthu chachikulu. Koma nthawi yonseyo sanatalikirane ndi nyimbo: ankaimba piyano, ndipo anagwira ntchito yotsogolera oimba a opera (zisudzo zochita kuimba) ku Moscow. Mu 1900 anayamba kuonana ndi dokotala, Nikolai Dahl, ndipo pofika 1901 anamaliza concerto yachiwiri ya piyano (nyimbo ya piyano yoperekezedwa ndi gulu la zida zoimbira), imene ikuimbidwabe mpaka lero. Anailembera dokotala yemweyo monga chithokozo. Pamenepa pali zinthu ziwiri zoti utolepo: manja ake sanasiye ntchito, ndipo anavomera kuthandizidwa.

Mu situdiyo muli ntchito zambiri zosalira kupeka. Uza bwana wako kuti pakadali pano akupatse zimenezo: kutchera maikolofoni, kujambula kwaya, kudula phokoso pakati pa mawu a woimba, kuwongola mawu amene aphonya kiyi, kusakaniza nyimbo za ena. Ntchito zimenezi zimafuna khutu ndi kuleza mtima, ndipo opanga nyimbo ambiri achinyamata amazithawa chifukwa sizitchukitsa. Ukazidziwa bwino, sugona ndi njala ngakhale chaka chimene biti yako siinagulidwe.

Ukakhala wekha, tenga nyimbo yakale imene umaikonda, uimangenso ndi khutu lokha. Yamba ndi ng'oma, kenako besi, kenako makodi a kiyibodi (manoti angapo olizidwa pamodzi). Palibe choti uweruze kuti n'chabwino kapena choipa, pakuti mwiniwake anasankha kale. Nthawi zambiri uli mkati mochita zimenezi chala chimaphonya n'kugwera pa kodi ina, ndipo kanthu kako kamayambira pomwepo. Kakabwera, sunga. Batani lofufutalo ulisiye kaye, chifukwa khutu la munthu wachisoni limanyoza chilichonse. Ika zonse mufoda imodzi, udzazimvere pakatha sabata ziwiri. Ndiponso usakhale usiku wonse mahedifoni ali kumutu. Mphindi 30 patsiku zakwana.

Anzako ena akuuza kuti upekere bambo nyimbo. Amanena ndi mtima wabwino, koma ine ndikuti usadzikakamize. Nyimbo yoteroyo imalemera, ndipo ikakanika udzaona ngati walakwira malemu. Ikafuna kubwera idzabwera, kaya ndi chaka chamawa.

Za ndalama za eni ake ndiye usazengereze. Pita ukaonane nawo maso ndi maso, osati pa WhatsApp. Auze zimene zakugwera, ndipo asankhe okha: atenge biti pa zimene unapanga kale, adikire mpaka tsiku limene mungagwirizane, kapena uwabwezere pang'onopang'ono. Oimba amauzana. Mbiri yoti "uja amadya ndalama n'kuzimitsa foni" imakakamira kuposa biti iliyonse yabwino, ndiponso ngongole imene ukuibisala ikuwonjezera kuuma kwa mutuko.

Amayi usakangane nawo. Ataya mwamuna, akuwerengera za mawa, ndipo ntchito yamanja si yonyozeka. Apemphe miyezi isanu ndi umodzi musanagamule, chifukwa nonse muli pachisoni. Pa nthawiyo aonetse kuti nyimbo ndi ntchito: kalembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, nyimbo zimene unagwirapo kale, ndipo ukalandira kangachepe ka ntchito ya mu situdiyo, kafikeko kunyumba. Ngati ukufuna pepala, funsa za maphunziro a Music Crossroads ku Lilongwe kapena a University of Malawi ku Zomba. Ukasankha za magalimoto, nyimbo ungamapange madzulo ndi Loweruka, ambiri amatero.

Koma ngati tulo sitikubwera kwa masabata, chakudya sichikulowa, wayamba kudalira mowa kapena chamba kuti ugone, kapena ukuganiza zodzipweteka, nkhaniyi yaposa ya nyimbo. Uza amayi, amalume kapena abusa lero lomwe, ndipo akuperekeze kuchipatala. Ku Queens kuli madokotala a matenda a maganizo, ndipo a St John of God amathandiza ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.