Galimoto ikumwa mafuta, giya sikulowa: musathamangire kutsitsa giyabokosi

Kalata ya lero yabwera pa imelo kuchokera kwa bambo wina amene ali ndi galimoto ya 2003, ya otomatiki ya magiya anayi, yomwe yayenda makilomita opitirira 240,000. Alemba motere: "Kale lita imodzi inkandiyendetsa makilomita 12, pano ndi 8 basi. Ndikafika pa 100 injini imangokuwa, muvi wa rpm uli pa 3,500 pomwe kale unkakhala cha pa 2,500. Amakaniko akuti giyabokosi yatha, ndigule ina. Mavuto awiriwa ndiyambe ndi liti?"

Bambo, ine ndikuonapo vuto limodzi, ndipo manambala mwaperekawo ndi amene akuulula. Pa magiyabokosi ambiri a magiya anayi, giya yachinayi imatsitsa kuzungulira kwa injini pa mphindi (rpm) ndi pafupifupi magawo atatu mwa khumi poyerekeza ndi yachitatu. Chotsani magawo amenewo pa 3,500, mupeza 2,450. Ndiye kuti galimoto yanu ikuthamanga 100 ili m'giya yachitatu. Injini ikuzungulira ka 1,000 kowonjezera mphindi iliyonse, nanga ilekerenji kumwa? Funso loyenera kuwafunsa amakanikowo ndi lakuti: kodi giyabokosiyo ikulephera kulowa yachinayi, kapena ikuchita kuletsedwa?

Yambani ndi chochititsa manyazi. Pa ndodo ya giya ya magalimoto ambiri a zaka zimenezo pali kabatani ka overdrive, kamene kamalola kapena kuletsa giya yachinayi. Kakadinidwa, pa dashibodi pamayaka mawu akuti O/D OFF ndipo yachinayi silowa ngakhale mutathamanga bwanji. Mwana akhoza kukadina posewera, bondo lanu lomwe likhoza kukagunda. Babu la pa dashibodi likakhala kuti linapsa, simudziwa n'komwe. Musaseke, anthu amalipira ku galaja chifukwa cha kabatani kameneka.

Ngati si kameneko, amene ndikumukayikira kwambiri ndi thermostat. Ndi kavalavu kakang'ono kamene kamatsekera madzi mu injini mpaka atatentha kufika pakati pa madigiri 80 ndi 90, kenako n'kuwatsegulira kupita ku radiyeta. Kakakalamba kamatha kukakamira kali kotseguka. Nthawi zina kamakhala kuti kanachita kuchotsedwa ndi munthu amene ankalimbana ndi injini yotentha mopitirira, n'kumaona ngati wathana nalo vuto. Zikatero injini sifika pa kutentha kwake, makamaka mukamathamanga mphepo ikuomba radiyeta. Kompyuta ya galimoto ikaona kuti injini idakali yozizira imachita zinthu ziwiri: imathira petulo wochuluka monga ichitira m'mawa mukangoliza, ndipo pa magalimoto ambiri imaletsa dala giya yomaliza mpaka madzi atatentha. Mwaona mmene kachitsulo kamodzi kakubweretsera madandaulo anu onse awiri?

Zinandichitikirapo. Ku galaja ina anali atandiwerengera kale mtengo wa giyabokosi, ine n'kunena kuti ndikaganize kaye. Pobwerera ndinangoti ndiyang'ane muvi wa kutentha, ndipo potsetsereka unkagwa mpaka pafupi ndi C, mbali yozizira, ndikaima pa mzere wa magalimoto n'kumakwera pang'ono. Muvi wa injini yabwino ukafika pakati sugwedezeka. M'mawa mwake ndinaliza injini ili yozizira, ndikugwira payipi yam'mwamba ya radiyeta. Pasanathe mphindi ziwiri inayamba kufunda pang'onopang'ono. Ikanakhala kuti thermostat ili bwino, payipiyo ikanakhala yozizira kwa kanthawi, kenako n'kutentha mwadzidzidzi. Yesani zimenezi, koma dzanja litalikire fani ndi malamba, ndipo chivundikiro cha radiyeta musatsegule injini ili yamoto.

Nthawi zina thermostat imakhala bwinobwino koma sensa yoyeza kutentha kwa madzi ndi imene ikunamiza kompyuta. Apa muvi wa pa dashibodi ukhoza kukupusitsani, chifukwa pa magalimoto ena akale muviwo uli ndi sensa yakeyake. N'chifukwa chake muyenera kupita kwa munthu amene ali ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto, aja amalumikiza pa soketi ya OBD pansi pa chiwongolero. Asangofufuta nyale ya check engine n'kukuuzani kuti zatheka. Akuwerengereni makodi, mulembe. P0128 ikutanthauza kuti madzi sakufika pa kutentha koyenera. P0172 ndi petulo wochuluka kuposa mpweya. P0741 ikukamba za klatchi ya mu torque converter (chipangizo cholumikiza injini ndi giyabokosi ya otomatiki) kuti sikugwira, pomwe P0700 imangonena kuti kompyuta ya giyabokosi ili ndi dandaulo, mufufuze mozama. Akuonetseninso madigiri amene kompyuta ikuwerenga galimoto ikuyenda, komanso ngati sensa ya pa throttle ikukwera mosadukiza mukamaponda moto, poti imeneyo ndi imene imauza giyabokosi nthawi yosinthira giya.

Klatchi ndatchulayo anthu ambiri saidziwa. Mu otomatiki mphamvu ya injini imadutsa mu oyilo, ndipo pang'ono imatayika. Mukafika pa liwiro lokhazikika, klatchiyi imamanga injini ndi giyabokosi kuti ziziyenda pamodzi, rpm n'kutsika ndi 200 kapena 300. Pamsewu wopanda magalimoto, muli pa 80, gundani buleki pang'ono ndi phazi lamanzere osachotsa lamanja pa moto. Muvi wa rpm uyenera kudumpha pang'ono n'kubwerera. Ukapanda kusuntha, klatchiyo sinagwire. Ndipo poti imamasuka ikamva buleki, kaswitchi ka nyale za buleki kakawonongeka kakhoza kuilepheretsa kugwira tsiku lonse.

Tsopano oyilo wa giyabokosi. Pa magalimoto ambiri amayezedwa injini ili yotentha ndiponso ikulira, galimoto ili pamalo osapendekeka, ndodo ili pa P. A Honda ambiri amayezedwa injini itangozimitsidwa, choncho onani buku la galimoto yanu. Donthezani pa pepala loyera. Wofiira kapena wofiirira pang'ono, palibe chodetsa nkhawa. Woderako koma wosanunkha, wangokalamba. Wakuda wonunkha chopserera, wokhala ndi tizitsulo tonyezimira, pamenepo amakaniko aja mwina akunena zoona. Akakhala wotuwa ngati wasakanikirana ndi madzi, ndiye kuti radiyeta yabooka mkati ndipo madzi akulowa mu giyabokosi. Imikani galimotoyo lero lomwe. Ngati oyiloyo sanasinthidwepo chigulireni, ine ndimakonda kungokhetsa ndi kuthira watsopano, kusintha fyuluta ngati ilipo, kusiyana ndi kutsuka ndi makina. Kukhetsa kumangochotsa gawo lina, mwina limodzi mwa atatu, ndiye mubwereze pakapita makilomita mazana angapo. Mtundu wake ukhale umene unalembedwa pa kachitsulo koyezera kapena m'buku. Dexron III ndi T-IV ya Toyota si chinthu chimodzi, ngakhale zonse n'zofiira.

Giyabokosi yotheratu ili ndi makhalidwe ake amene m'kalata mwanu sindinawaone. Mukaika D imatenga masekondi angapo isanagwire. Pokwera mtunda rpm imakwera koma liwiro osawonjezeka. Posintha giya injini imakuwa kaye ngati yamasuka, kenako n'kugwira mogunda. Yanu, mmene mwafotokozera, ikukoka bwino m'magiya atatu.

Zotsalazo n'zodziwika: mpweya wa m'matayala, fyuluta ya mpweya, mapulagi, sensa ya okosijeni imene pa makilomita amenewo iyenera kuti yatopa, ndi buleki yokakamira (mukayenda ndithu, limu limodzi limatentha kuposa anzake). Mukakonza chimodzi, yezani musanagwire china. Dzazani thanki mpaka pampu idule yokha, bwezani mita ya ulendo pa ziro, yendani monga mwa masiku onse, dzazaninso, n'kugawa makilomitawo ndi malita amene alowa. Mukatero mundilemberenso, mundiuze makodi aja ndi pamene muvi wa kutentha ukukhala mukamatsetsereka.